Kulimbitsa minofu pamene thupi ndi lolemera ndipo shuga wakwera

Azakhali anga atauzidwa kuchipatala kuti shuga wawo wakwera ndipo BP nayonso yakwera, anabwera kunyumba ndi timapepala ta mankhwala komanso malangizo awiri: achepetse thupi, ndipo azichita masewera olimbitsa thupi. Anali ndi zaka 52, akulemera makilogalamu 104. M'mawa mwake anabwereka nsapato za mwana wawo n'kuyamba kuthamanga mumsewu wa kuseri kwa nyumba. Sanafike n'komwe pamjigo. Anabwerera ali wefuwefu, bondo lakumanja likuwawa, ndipo anyamata a kabaza a pasiteji anali atawaona. Kuyambira tsiku limenelo, munthu akangotchula za masewera, iwo ankangoti, "Mwana wanga, zimenezo n'za anthu owonda."

Malangizo aja sanali olakwika, koma anali operewera. Munthu wolemera thupi akamva zoti azichita masewera, chimene chimabwera m'mutu ndi kuthamanga, pamene kuthamangako ndi kumene thupi lake silingakwanitse poyamba. Pali njira ina imene sitiikamba kawirikawiri, mwina chifukwa timaiona ngati ya anyamata a akatumba amene amanyamula zitsulo ndi simenti youmbidwa m'zitini. Njirayi ndi kulimbitsa minofu: kukankha, kukoka, kudzuka ndi kunyamula chinthu cholemerako mobwerezabwereza, n'kumawonjezera kulemera kwake m'kupita kwa masabata. Kwa munthu wonenepa amene ali ndi shuga kapena BP, ine ndimaona kuti apa ndi poyambira pabwino kuposa kuthamanga, ndipo chifukwa chake chili m'kati mwa mnofu momwemo.

Vutoli lafika kale m'makomo mwathu. Pakati pa 2013 ndi 2016, ofufuza a MEIRU, bungwe lofufuza za umoyo, anayeza akuluakulu pafupifupi 29,000 ku Area 25 mu Lilongwe komanso kumidzi ya ku Karonga. Anapeza kuti amayi 44 pa 100 alionse a m'tauni anali olemera kupyola muyezo, pamene kumudzi anali 27 pa 100. Kwa abambo zinali 18 m'tauni ndi 9 kumudzi. Ambiri mwa amene anapezeka ndi BP kapena shuga sankadziwa kuti ali nazo. Muyezo umene amagwiritsa ntchito umatchedwa BMI: mumatenga makilogalamu anu n'kugawa ndi msinkhu wanu m'mamita, kenako n'kugawanso ndi msinkhu womwewo. Yankho likafika 25 ndiye kuti thupi lapyola, likafika 30 ndi kunenepa kumene achipatala amakuona ngati matenda.

Kumene shuga wa nsima amapita

Nsima, mpunga, chinangwa, mbatata ndi buledi zikagayidwa m'mimba zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Shugayo sayenera kukhalitsa mmenemo. Kachiwalo kotchedwa pancreas, kamene kali kuseri kwa chifu, kamatulutsa insulini, ndipo insuliniyo imagogoda pa maselo kuti atsegule ndi kulandira shuga. Akatswiri atayeza kumene shuga amapita insulini ikamagwira ntchito, anapeza kuti magawo 70 mpaka 80 pa 100 amalowa m'minofu. Minofu ndiye nkhokwe yaikulu. Imatha kusunga shuga wokwana magalamu 400 kapena kuposerapo, pamene chiwindi chimasunga pafupifupi magalamu 100 okha.

Munthu akamakhala pansi tsiku lonse, nkhokweyo siitapidwa, choncho mulibe malo oikamo zatsopano. Komanso mafuta akachuluka, makamaka a m'kati mwa mimba ozungulira matumbo ndi chiwindi, minofu imayamba kugontha. Insulini igogoda, chitseko osatseguka. Pancreas imawonjezera insulini kuti imveke, ndipo kwa zaka zingapo imakwanitsa, munthu osadziwa kalikonse. Ikadzatopa, shuga amatsalira m'magazi, ndiye tsiku lina kuchipatala amakuuzani kuti shuga wa m'mawa musanadye wafika 126 mg/dL, kapena 7.0 mmol/L pa timakina tina. Kugontha komweku kumayenda limodzi ndi kukwera kwa BP, mafuta oipa m'magazi ndi mafuta m'chiwindi. N'chifukwa chake matendawa amakonda kubwera pamodzi mwa munthu mmodzi.

Chopatsa chiyembekezo n'chakuti mnofu uli ndi khomo lachiwiri. Ukamagwira ntchito, ukamafinyika ndi kumasuka, umakankhira pamwamba pa maselo ake timakomo totchedwa GLUT4, ndipo shuga amalowa popanda kudikira insulini. Khomo limeneli limagwirabe ntchito ngakhale mwa munthu amene minofu yake inagontha kalekale. Mukamaliza masewera, minofu imakhala ndi njala yobwezeretsa zimene yatapa, ndipo imamva insulini bwino kwa tsiku limodzi mpaka masiku atatu. Kenako phindulo limazilala. Pa chifukwa chimenechi bungwe la American Diabetes Association limalangiza kuti munthu wa shuga asapyole masiku awiri otsatizana osachita kalikonse. Zili ngati mankhwala: akumwa lero sagwira ntchito mwezi wamawa.

Palinso nkhani ya msinkhu. Munthu akapyola zaka 30, minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono, magawo 3 mpaka 8 pa 100 pa zaka khumi zilizonse, ndipo akapyola zaka 60 zimafulumira. Mwa munthu wonenepa izi sizioneka, chifukwa thupi likadali lodzaza. Timangoona kuti akamadzuka pamphasa amayamba wagwada, n'kugwira khoma, kapena kuitana mdzukulu kuti awakoke dzanja. Katundu akukula, onyamula akuchepa.

Kodi zimenezi zinayesedwa pa anthu enieni? Zinayesedwa. Mu 2007 Ronald Sigal ndi anzake ku Canada anafalitsa zimene anapeza pa anthu 251 a matenda a shuga amene anawatsata kwa miyezi 6. Ankayeza HbA1c, muyezo wa magazi umene umaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Amene ankangolimbitsa minofu, muyezowu unatsika ndi pafupifupi 0.4. Amene ankachita masewera oyenda ndi kupalasa njinga unatsika ndi 0.5. Amene ankachita zonse ziwiri unatsika ndi pafupifupi 1. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2010, Timothy Church ndi anzake ku Louisiana, m'dziko la America, anatsata anthu 262 kwa miyezi 9, ndipo kumeneko gulu lophatikiza ziwirizi ndi lokhalo limene linatsitsa HbA1c moonekeratu. Choncho sindikunena kuti kuyenda kulibe ntchito. Bungwe la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu azichita masewera ofulumizitsa mtima, monga kuyenda mwandawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, komanso azilimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo. Mbali yachiwiriyi ndi imene ambiri sitinaimvepo.

Amene akuganiza kuti anachedwa amve izi. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 1990, Maria Fiatarone ku Boston anatenga okalamba 10 a zaka 86 mpaka 96, okhala kunyumba yosungirako okalamba, n'kuwaphunzitsa kukankha zolemera ndi miyendo kwa masabata 8. Mwa 9 amene anamaliza, mphamvu za miyendo zinawonjezeka ndi 174 pa 100.

Wina anena kuti, ife timatunga madzi, timalima, timasenza nkhuni, ndiye tifuniranji zina? Funsoli ndi lomveka. Mayi amene amasenza ndowa ya malita 20 kawiri pa tsiku ndi kugwira khasu akugwiritsadi ntchito minofu, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ziwerengero za ku Karonga zinali zotsika. Koma ambiri mwa ife amene tanenepa tinasiya kale moyo umenewo. Madzi ali pampopi, chimanga chimapita kuchigayo, kuntchito timakwera minibasi, ndipo wogulitsa pamsika kapena wa muofesi amakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kusesa ndi kutsuka mbale kumatopetsa, koma sikulemetsa mnofu mokwanira kuti ukule.

Thupi lolemera lilinso ndi mwayi wake pa nkhaniyi. Miyendo imene yakhala ikunyamula makilogalamu 100 kwa zaka zambiri si yofooka ngati mmene mwini wake amaganizira. Pothamanga, phazi lililonse limamenya pansi ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu, ndipo mawondo ndi amene amalandira. Podzuka pampando mwakachetechete palibe kumenya kumeneko. Mumachita kwa theka la mphindi, n'kupuma, mpweya n'kubwerera. Ndipo mungachitire m'chipinda mwanu, chitseko chili chotseka. Mfundo yomalizayi musaipeputse. Manyazi aletsa anthu ambiri kuposa mawondo.

Musanagwire chigubu

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene munthu angadzivulaze.

Kayezetseni BP kaye. Ngati mutakhala phee ikufika 180/110 kapena kuposa, musanyamule kanthu mpaka achipatala ataitsitsa ndi mankhwala. Amene anadwalapo mtima kapena sitiroko, amene amamva kupweteka pachifuwa akamakwera chitunda, kapena amene impso zawo zili ndi vuto, akambirane ndi dokotala asanayambe. Chimodzimodzi amene shuga anawafika m'maso: mitsempha ya kuseri kwa diso ikawonongeka kwambiri, kudzikakamiza ndi katundu wolemera kungaiphulitse, choncho maso ayesedwe kaye.

Mankhwala amene mukumwa ali ndi gawo lalikulu. Metformin payekha satsitsa shuga mopyola kawirikawiri. Koma glibenclamide ndi jakisoni wa insulini zimatha kutero, makamaka minofu ikayamba kukoka shuga kudzera pa khomo lachiwiri lija. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, mtima kugunda kwambiri ndi kusokonezeka mutu. Pa kamakina, ndi shuga wotsika kuposa 70 mg/dL, kapena 3.9 mmol/L. Zikatero siyani pomwepo, sungunulani masupuni atatu a tiyi a shuga m'madzi ndi kumwa, dikirani mphindi 15, ndipo ngati simunapeze bwino bwerezani. Shugayo azikhala pafupi musanayambe, osati kukamufunafuna kukhitchini manja akunjenjemera. Dziwaninso kuti kutsikaku kumatha kubwera patapita maola angapo, ngakhale usiku muli mtulo. Anthu ambiri kuno alibe kamakina koyezera kunyumba, ndipo amene ali nako timapepala take ndi todula. Ngati ndinu mmodzi wa iwo ndipo muli pa glibenclamide kapena insulini, musachite masewera ndi njala. Dikirani ola limodzi kapena awiri mutadya, ndipo wina wa pakhomo adziwe zizindikiro zija. Tsiku limene shuga wakwera kwambiri, muli ndi ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi kapena kusanza, limenelo ndi tsiku lopita kuchipatala.

A BP nawo ali ndi zawo. Atenolol ndi propranolol amachedwetsa kugunda kwa mtima, choncho musayeze khama lanu powerenga kagundidwe ka mtima. Hydrochlorothiazide amakodzetsa, ndiye m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala chitani m'mawa kapena dzuwa litapepa, madzi akumwa ali pambali. Mukamaliza BP imatsikako kwa kanthawi, choncho musadzuke mwadzidzidzi. Mankhwala alionse musasiye kapena kuchepetsa nokha chifukwa chakuti mwayamba masewera. Shuga akayamba kutsika, auzeni achipatala, iwo ndi amene asinthe mlingo.

Mapazi. Munthu wa shuga amene mapazi ake amachita dzanzi akhoza kuponda kamwala kapena kutuluka thuza osamva, ndipo kabala kakang'ono kotere ndi kamene kamathera kudulidwa mwendo. Valani nsapato zotseka ndi masokosi, gwedezani nsapato musanavale, ndipo mukamaliza yang'anani pansi pa phazi ndi pakati pa zala. Ngati mimba ikukulepheretsani kuona, ikani galasi pansi kapena pemphani mwana akuonereni. Pakakhala chilonda, chitani za manja zokha muli chikhalire mpaka chipole.

Chomaliza ndi mpweya. Munthu akamadzutsa chinthu cholemera amakonda kutseka pakhosi n'kudzikakamiza, nkhope n'kufufuma. Pa nthawi imeneyo BP imakwera kwambiri. Tulutsani mpweya pamene mukukankha kapena kudzuka, kokani mpweya pobwerera. Njira yosavuta ndi kuwerenga mokweza. Amene akutchula "chimodzi, ziwiri, zitatu" sangatseke pakhosi.

Mpando, khoma ndi zigubu

Jimu siifunika poyamba. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5 chodzaza madzi ndi chitsulo cha makilogalamu 5 chimene mungachepetse kapena kuwonjezera pampopi.

Azakhali anga tinayamba nawo ndi mpando wa patebulo lodyera, wathabwa, titautsamiritsa kukhoma kuti usathawe. Anakhala chakutsogolo kwa mpandowo, mapazi atatalikirana ngati mapewa, zidendene zitabwerera m'mbuyo pang'ono. Ndinawauza kuti awerame pang'ono mpaka mphuno ifike pamwamba pa zala za kumapazi, kenako akankhe pansi ndi mapazi onse. Anadzuka, koma manja anali pamawondo. Pobwerera anangodzigwetsa, mpando n'kulira. Pamenepo ndi pamene panali ntchito: kukhala pansi mwakachetechete, powerenga mpaka katatu, ngati pampandopo pali mazira. Anachita kasanu n'kuima, ntchafu zikunjenjemera.

"Basi, zomwezi?" anafunsa.

"Zomwezi, Azakhali. Pumani, tibwerezanso kamodzi."

Kudzuka pampando kumagwiritsa ntchito ntchafu ndi matako, minofu ikuluikulu kuposa yonse m'thupi, ndipo munthu atati asankhe chinthu chimodzi chokha, asankhe chimenechi. Mawondo akamawawa, kwezani mpando poikapo pilo wolimba kapena bulangete lopinda. Mphamvu zikabwera, pilo amachoka, manja amachoka pamawondo n'kupita pachifuwa, kenako mumakumbatira chigubu. Kunyonyomala mpaka pansi kudzabwera nthawi yake, kapena osabwera, palibe chimene mwataya.

Pa kukankha, imani moyang'ana khoma, patali ngati kutalika kwa mkono, ikani zikhato pakhoma molingana ndi chifuwa, pindani zigongono mpaka nkhope iyandikire, n'kudzikankha. Zikapepuka, sunthirani mapazi m'mbuyo, ndipo pambuyo pake tsamirani pa tebulo lolimba kapena pa kakhoma ka khonde. Pa kukoka, ikani dzanja limodzi patebulo, weramani msana uli wowongoka, dzanja linalo likoke chigubu kupita nacho m'chiuno. Chubu chakale cha njinga chomangirira pa chitsulo cha windo chimagwiranso ntchito yomweyi, bola muone kaye kuti sichinang'ambike.

Kutola chinthu pansi ndi luso limene limapulumutsa msana. Ikani chigubu pa kampando kafupi kapena pa njerwa ziwiri, imani pafupi nacho, kankhirani matako m'mbuyo ngati mukutseka chitseko manja ali ndi katundu, gwirani chigubu, n'kuimirira. Msana usapindike ngati uta. Kenako pali kunyamula zigubu ziwiri, china uku china uku, n'kuyenda nazo kuchokera pakhonde kukafika pampanda ndi kubwerera, mapewa ali m'mbuyo. Zimenezi zimalimbitsa manja, msana ndi minofu ya pamimba nthawi imodzi.

Zogona pansi ndi zodumpha zisiyeni kaye. Masewera odzutsa mutu muli chigonere, amene ambiri amakhulupirira kuti amaphwetsa mimba, sachotsa mafuta a pamimba. Thupi silitapa mafuta pamalo pamene mukugwiritsa ntchito, limatapa paliponse monga mwa chibadwa chake.

Kangati? Masiku awiri pa sabata osatsatizana, monga Lolemba ndi Lachinayi. Yambani ndi kuyendayenda kwa mphindi zisanu kuti thupi litenthe. Chilichonse mwa zisanuzi chitani ka 8 mpaka ka 12, pumani mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kubwereza kachiwiri. Sabata yoyamba ulendo umodzi ndi wokwanira. Muziima mukuona kuti mukanatha kuwonjezera kawiri kapena katatu. Mukafika ka 12 maulendo onse awiri popanda kuvutika, onjezerani theka la lita kapena lita imodzi m'chigubu. Kuwonjezerako ndiye mtima wa nkhani yonse, pakuti mnofu umangosintha ukapatsidwa ntchito yoposa imene unazolowera. Amene amanyamula botolo la theka la lita chaka chonse akungotaya nthawi. Zonse pamodzi zimatenga mphindi 20 kapena 30. Masiku enawo yendani, ngakhale mphindi 10 zokha mukatha kudya.

M'masabata oyamba mphamvu zimabwera mofulumira modabwitsa. Si kuti minofu yakula kale, koma ubongo ndi mitsempha zaphunzira kuilamulira bwino. Kukula kwenikweni kumayamba kuoneka pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Mudzamvanso kuphwanya kwa minofu tsiku lotsatira kapena lachiwiri lake, makamaka m'ntchafu potsika masitepe. Kumeneko n'kwachibadwa ndipo kumatha pa masiku ochepa. Ululu wobaya m'bondo kapena mumsana, kapena kutupa, ndi chizindikiro chakuti muchepetse. Koma kupweteka kapena kuthina pachifuwa, ululu wotsikira kumkono kapena kunsagwada, kubanika kosalingana ndi ntchito imene mwagwira, chizungulire, kapena mbali imodzi ya thupi kufooka, zimenezo n'zothamangira nazo kuchipatala. Chimodzimodzi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pa masewera opyola muyezo, chifukwa umasonyeza kuti minofu yawonongeka ndipo impso zili pangozi. Izi zimachitikira makamaka oyamba kumene amene wina wawakakamiza kuti atsirize zonse tsiku loyamba. Mphunzitsi amene amakuuzani kuti ululu ndiwo umboni wakuti zikugwira, musabwererenso kwa iye.

Za sikelo, mbale ndi pakamwa pa anthu

Ambiri amasiya pa mwezi wachiwiri atakwera sikelo n'kupeza kuti siinasunthe. Ndi bwino kudziwiratu: kulimbitsa minofu pakokha sikutsitsa makilogalamu ambiri. Mumamvanso anthu akuti minofu imaotcha mafuta ngakhale muli mtulo. Zoona zake n'zochepa: kilogalamu imodzi ya mnofu imagwiritsa ntchito makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 13 pa tsiku munthu akupuma, choncho makilogalamu awiri atsopano safika n'komwe pa masupuni awiri a shuga wa mu tiyi. Phindu lili pa shuga wa m'magazi, pa mafuta a m'kati mwa mimba, pa mawondo ndi pa mphamvu. Ndipo munthu akamachepetsa thupi ndi chakudya chokha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene amataya si mafuta, mbali ina ndi minofu. Kunyamula zolemera kumateteza nkhokwe ija kuti isaphwasuke pamodzi ndi mafutawo.

Pali miyezo iwiri yabwino kuposa sikelo, ndipo yonse ndi yaulere. Woyamba ndi chingwe. Dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, chipindeni pakati, n'kuchizunguliza m'chiuno cha pamchombo. Ngati nsonga zake sizikumana, mafuta a pamimba achuluka, ndipo mpata umene watsalawo ndi umene muziuyang'ana mwezi ndi mwezi. Wachiwiri ndi mpando womwe uja: werengani kuti mukudzuka kangati pa masekondi 30 manja ali pachifuwa, lembani m'kope, mudzayesenso pakatha mwezi.

Makilogalamu amatsikira m'mbale, ndipo safunika kutsika ochuluka kuti thupi limve. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku America, wofalitsidwa mu 2002, anatsata anthu 3,234 amene shuga wawo anali atayamba kukwera. Amene anathandizidwa kuti achepetse thupi ndi magawo 7 pa 100 ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata, chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 pa 100. Kwa munthu wa makilogalamu 100, amenewo ndi makilogalamu 7 okha. Mawondo nawo amapepukidwa: kilogalamu iliyonse yochoka imachotsa katundu wa makilogalamu pafupifupi anayi pabondo pa sitepe iliyonse. Kwathu kuno zimenezi zikutanthauza mitanda iwiri m'malo mwa inayi, mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, ndiwo zamasamba zodzaza mbale, ndi kusiya zakumwa zotsekemera. Minofu imafuna zomangira, ndipo nyemba, nandolo, soya, usipa, matemba, mazira ndi mtedza zimakwanira popanda kugula maufa odula a m'mabotolo. Amene ali ndi vuto la impso afunse kaye kuchipatala asanawonjezere zakudya zamtundu umenewu.

Chovuta china sichili m'thupi. Tinakula tikumva kuti munthu akanenepa ndiye kuti zikumuyendera, mkazi akanenepa ndiye kuti akusamalidwa bwino pabanja. Zaka zimene Edzi inkatenga anthu ambiri zinasiyanso chipsera: munthu akawonda, anthu amayamba kunong'onezana. Ndaona amayi akuopa kutaya makilogalamu asanu chifukwa cha zimene apongozi kapena anzawo a kumpingo anganene. Mantha amenewa ndi enieni, ndipo kulimbitsa minofu kumawachepetsako, chifukwa munthu saoneka wofota. Amaoneka wowongoka, akuyenda mwamphamvu. Amayi ena amaopa zosiyana, kuti adzatuluka akatumba ngati amuna. Thupi la mkazi lili ndi testosterone, homoni imene imakulitsa minofu, wochepa kwambiri poyerekeza ndi la mwamuna, ndipo zigubu za masiku awiri pa sabata sizingamufikitse kumeneko.

Amene ali pa ma ARV ali ndi nkhani yawoyawo. Kuyambira mu 2019 Malawi inasamutsira anthu ambiri pa mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene amagwira bwino ntchito yoletsa kachilombo kuchulukana. Kafukufuku wa ADVANCE wa ku Johannesburg, wofalitsidwa chaka chomwecho, anaonetsa kuti ena amanenepa pa mankhwalawa, makamaka amayi. Ngati thupi lanu lakwera chiyambireni mankhwalawa, musawasiye ngakhale tsiku limodzi. Pemphani kuti akuyezeni shuga ndi BP mukapita kukatenga mankhwala, ndipo mpando ndi zigubu zija n'zanunso.

Azakhali anga atachita miyezi inayi, sikelo inali itatsika ndi makilogalamu atatu okha, ndipo mankhwala onse ankamwabe. Koma pa masekondi 30 ankadzuka ka 12, pamene tsiku loyamba kuyesa anadzuka ka 6, ndipo nsonga za chingwe zinali zitayandikirana ndi zala zitatu. Kenako kunagwa maliro kumudzi, anakakhala kumeneko masabata atatu, ndipo atabwerako anadwala malungo. Mwezi ndi theka unadutsa osagwira chigubu. Atandiimbira foni mawu awo anali ogwa.

"Zonse zija zapita, mwana wanga."

Sizinapite. Mnofu umene unaphunzitsidwapo umabwerera mofulumira kuposa mmene unayambira. Chofunika pambuyo pa matenda kapena ulendo wautali ndi kudikira mpaka thupi litasiya kutentha ndipo chakudya chikulowa, kenako kuyambiranso ndi theka la katundu wakale, ulendo umodzi wokha pa chilichonse, n'kumakwera sabata ndi sabata. Lolemba lotsatira anakhuthula madzi m'zigubu mpaka theka, anabwezera pilo pampando, n'kutsegula tsamba latsopano m'kope lawo.